Tanthauzo la mwambi: "Mnzako akapsa ndevu m'zimire", bwanji ndevu?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni pa mwambi uwu: "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako." Ndaukumbukira chifukwa cha nkhani ya Chiltern Firehouse ku London, nyumba imene kale inali siteshoni ya ozimitsa moto koma nayo inagwira moto pa 14 February 2025. Bwanji makolo anasankha ndevu, osati nyumba kapena nkhokwe? Nanga zoti "mawa adzazima zako", kodi ndi ngongole, kuti uthandize pofuna kudzabwezeredwa?

A Gama:
Mayi Nachisale, tiyambe ndi liwu lenilenilo. Moto umazima wokha, munthunso amazima moto. Lero ambiri timati kuzimitsa kapena kuthimitsa, ndiye kwachokera dzina loti ozimitsa moto. Koma mwambiwu sukuti "zima". Ukuti m'zimire, monga timanenera m'phikire kapena m'tungire madzi: kum'chitira mnzako chimene iye sangathe pa nthawiyo. Musausokoneze ndi kuzimirira, kwa chinthu chimene chikusiya kuoneka.

Tsono ndevu. Munthu posonkha moto pamafuwa amawerama n'kumauzira, nkhope ili pafupi ndi makala. Wokoka kaliwo naye ankayatsira fodya ndi khala kapena chikuni. Ndevu n'zouma, zimayaka kamodzin'kamodzi, ndipo zili pansi pa chibwano pomwe mwini wake saona. Woyamba kuona lawi ndi amene wakhala moyang'anizana naye. Nkhokwe ikayaka pamakhala mpata wokuwa kuti anthu athamange ndi ndowa, koma ndevu sizidikira kuti mudzi usonkhane. Apa ndi pomwe mwambiwu ukusiyana ndi uja woti "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe". Ujawo umaletsa kuseka watsoka, uwu ukutuma dzanja la amene ali pafupi, pompopompo.

A Mwale:
Za ngongolezo ine ndikukana, ndipo mbiri ya London yomweyo ikundivomereza. Moto waukulu wa 1666 utapsereza nyumba zoposa 13,000, kunabadwa makampani a inshuwalansi, monga Sun Fire Office ya mu 1710. Makampaniwa ankakhala ndi magulu awoawo a ozimitsa moto, ndipo ankakhoma kachitsulo ka chizindikiro chawo pakhoma la nyumba yolipiridwa. Anthu amakonda kusimba kuti nyumba yopanda kachitsuloka ankangoionerera ikupsa. Koma taganizani: nyumba zinali zogundana khoma ndi khoma, ndiye moto wa woyandikana naye unali kale pakhomo pa wolipira. Kum'zimira mnzako kunali kudzizimira wekha tsiku lomwelo, osati mawa. N'chimodzimodzi pamudzi wa madenga a udzu mu October kukuomba mphepo.

Mu 1833 makampani khumi anaphatikiza magulu awo n'kupanga London Fire Engine Establishment, motsogozedwa ndi James Braidwood, amene kuyambira 1824 ankatsogolera ozimitsa moto a mzinda wa Edinburgh. Braidwood anafa mu 1861 khoma litam'gwera pa moto wa ku Tooley Street. Mu 1866 ntchitoyi inachoka m'manja mwa makampani, kukhala ya mzinda wonse, pansi pa dzina loti Metropolitan Fire Brigade. Siteshoni mwaitchulayi inamangidwa mu 1889 ndi njerwa zofiira, pulani yake anajambula ndi Robert Pearsall, ndipo inkatchedwa Manchester Square Fire Station. Inatsekedwa mu 2005, kenaka inasanduka hotela.

Masiteshoni a nthawi imeneyo kamangidwe kake kanali kotsata ntchito. Pansi panali zitseko zazikulu, pampu ya nthunzi yokokedwa ndi akavalo, ndi khola lawo pafupi pomwepo. Madzi a m'boyila ankawasunga ofunda usana ndi usiku, chifukwa kuyamba ndi madzi ozizira kunkadya mphindi zimene nyumba yoyaka ilibe. M'zipinda za pamwamba munkagona ozimitsa moto, ena ndi mabanja awo, kuti belu likalira asachite kukaitanidwa. Mapaipi a nsalu yolimba ankawapachika chotsika kuti akhe madzi, poti paipi yopindidwa yonyowa imachita nkhungu, imawola, n'kudzaphulika tsiku lomwe pampu yaikankha mwamphamvu. Akavalo anasiya ntchitoyi ku London mu 1921.

Za moto wa 2025, ozimitsa moto a mzindawu, a London Fire Brigade, anati nkhuni yoyaka inagwa kuchokera mu uvuni wa pizza n'kuyatsa mpata wobisika pakati pa chipinda chapansi pa nthaka ndi chapamwamba pake. Panabwera magalimoto 20 ndi ozimitsa moto pafupifupi 125. Moto wobisika chonchi ndi ndevu zenizeni, a Gama: eni nyumba amauona mochedwa.

Mayi Nankhoma:
Popeza mwambiwu ukulamula, ndiwonjezere mazimidwe ake, chifukwa ambiri amavulaza mnzawo pom'thandiza. Tsitsi, ndevu kapena zovala zikayaka, musam'lole kuthamanga, mphepo imakoleza moto. Mugoneke pansi, chifukwa lawi limakwera, ndipo munthu woimirira limam'thamangira kumaso. Phimbani poyakapo ndi thaulo, bulangete lochindikala kapena chitenje cha thonje chonyowa. Nsalu ya nayiloni ayi, imasungunuka n'kumatirira pakhungu.

Moto ukazima, thirani madzi oyera ozizira popsapo kwa mphindi 20. Osati madzi oundana, amawonjezera kuononga khungu. Vulani mphete, mkanda ndi wotchi malowo asanatupe, koma nsalu yomatirira musaikoke. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena phulusa musapake: zimasunga kutentha mkati ndi kulowetsa tizilombo pabala. Matuza musaboole.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa kupsa kwa kumaso ndi kukhosi. Mukaona tsitsi la m'mphuno lawauka, mwaye m'kamwa, kapena mawu asasa, ndiye kuti mwina wapuma mpweya wotentha. Kukhosi kumatha kutupa patapita maola angapo munthu akuoneka ngati ali bwino. Ameneyo thamangani naye kuchipatala osadikira kuti kuche.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye mwambiwu ungagwe pa mayi, poti ndevu alibe?

A Gama:
Umagwa ndithu, mayi. Umanenedwa pa maliro, pa matenda, pa mlandu, ngakhale mbuzi za mnzako zikalowa m'dimba iye ali kumsika. Ndevu zabwera chifukwa cha malo ake pathupi, komanso ndi ulemu wa munthu wamkulu: ngakhale mkulu wa ndevu zaimvi, moto ukam'gwira pachibwano, wom'zimira angakhale mdzukulu amene wakhala naye pamoto. Muonanso kuti polankhula ambiri amalekera pa "m'zimire", mbali ya "mawa" osaitchula n'komwe.