Ana akungolemba kuti umbombo ndi woipa basi

Mphunzitsi wa ku Matero: Anzanga ndithandizeniko. Buku lija la banja lolimbirana chuma cha malemu tamaliza ndi a giredi 11, koma ndikafunsa phunziro lake onse akungolemba kuti umbombo ndi woipa, tsankho ndi loipa, basi, palibe wotchula kuti anachita chani ndani. Ku mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso muno mu Zambia, adzagwa nazo izi.

Madamu a ku Chilenje: Funso lanulo ndi lomwe likuwaononga aphunzitsi. Mukati tikuphunzirapo chani mwana amayankha ngati ali ku Sande sukulu. Atsegulireni pamene amalume a m'bukumo akunyengerera mayi wamasiye kuti asaine mapepala a nyumba, awerenge mokweza, ndiye muwafunse anayamba ndi mau ati, anamuopseza ndi chani, wapindula ndani. Kupusitsa munthu kumaoneka pa mau ake enieniwo, alembe amenewo.

Wa ku Kanyama: Ine ndinalowa ndi lamulo la 1989 lija, Intestate Succession Act. Munthu akafa opanda wilu ana amatenga 50%, mkazi kapena mwamuna wotsala 20%, makolo 20%, ena omwe amadalira malemuyo 10%. Ndinati werengerani amalumewo amayenera kutenga zingati nanga anatenga zingati, kalasi yonse inadzuka mpaka ogona kumbuyo aja. Koma samalani, muli amasiye m'makalasimu omwe analandidwa ndi mabulangete omwe, musaloze mwana kuti afotokoze za kwao.

Mphunzitsi wa ku Matero: Izo ndatenga. Manje za tsankho ndiye zinandithawa, ndangoyamba chabe wina watukwana amwenye a ku Kamwala, wina walowetsa za mitundu, phokoso mpaka belu.

Abambo a ku Kabwata: Musayambire za lero mwana wanga. Abwezereni kaye ku Northern Rhodesia, dzina lakale la Zambia, 1964 isanafike munthu wakuda amagulira nyama pa kawindo azungu akulowa pakhomo, mpaka mu 1954 chipani cha African National Congress cha a Harry Nkumbula chinauza anthu muno mu Lusaka kusiya kugula m'mabutchala amenewo. Akakwiya nazo izo ndi pomwe muwabwezere m'buku, afufuze amene akunyozedwa chifukwa cha khungu ndi amene akudya ndi kunyozako. Mupeza ndi amalume omwe aja.

Madamu a ku Chilenje: Piriyodi imodzi sikwana zimenezo, pemphani dabulo.

Mphunzitsi wa ku Matero: Dabulo ndili nayo Lachinayi. A ku Kanyama munditumizireko tsamba la lamulo lija ndikapangitse fotokope mawa.