Kodi maselo a NK angatiuze tsogolo la wodwala melanoma?

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Bambo anga aang'ono, omwe ndi mlimi wa kachewere kuno ku Dedza, awapeza ndi melanoma, khansa ya pakhungu, kuphazi, ndipo awatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ndawerenga kuti odwala amene chotupa chawo chili ndi maselo a NK ambiri, omwe ndi maselo oteteza thupi, amakhala ndi moyo nthawi yaitali. Kodi tingapemphe kuti awayeze maselowa kuti tidziwe choyembekezera?

Wa ku labotale, Ntcheu:
Pepani ndi matendawa, aphunzitsi. Zimene mwawerengazo zili ndi maziko. Maselo a NK, amene Rolf Kiessling ndi anzake anawafotokoza ku Stockholm mu 1975, ndi mbali ya chitetezo chimene timabadwa nacho, ndipo sadikira kuti adziwe kaye mdani monga amachitira maselo ena oteteza thupi otchedwa maselo a T. Selo lathanzi limakhala ndi chizindikiro chotchedwa MHC class I, ndipo melanoma nthawi zambiri imachotsa chizindikirochi pofuna kubisalira maselo a T, koma ikatero imadziulula kwa maselo a NK, omwe amaboola selo lopanda chizindikiro ndi puloteni yotchedwa perforin n'kulipha ndi ina yotchedwa granzyme. Vuto ndi lakuti chotupa chikakula chimatulutsa zinthu monga TGF-beta zimene zimafooketsa maselowa, choncho kupezeka kwawo sikutanthauza kuti akugwira ntchito.

Namwino wopuma, Linthipe:
Ine ndikuona kuti musavutike ndi kuyezetsa kumeneko, achimwene, chifukwa ngakhale kumayiko olemera nkhani ya maselo a NK idakali m'manja mwa ofufuza, ndipo madokotala saidalira ponena za tsogolo la wodwala. Funsani za kuzama kwa chotupacho pa muyeso wa Breslow, umene unayamba kugwiritsidwa ntchito kuchokera mu 1970. Chotupa chosapitirira milimita imodzi chimapereka chiyembekezo chachikulu, pamene chopitirira mamilimita 4 n'choopsa. Funsaninso ngati chinasanduka chilonda, komanso ngati mphechepeche muli mwanabele. Kwa ife akuda melanoma imakonda kuphazi, m'manja ndi kunsi kwa zikhadabo, malo amene dzuwa silifikako kwenikweni, ndipo alimi ambiri amaiyesa chipsera cha munga kapena chitsa mpaka itazama.

Wa ku labotale, Ntcheu:
Mayi anena zoona, ngakhale kuti sindingafune kuti tiwapeputse maselowa. Pa melanoma ya m'diso, imene imafalikira kudzera m'magazi kupita kuchiwindi, odwala amene chotupa chawo chili ndi MHC class I yochepa ndi amene amakhalitsa, ndipo ofufuza amaganiza kuti maselo a NK amapha maselo a khansawo adakali m'njira.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Zikomo kwambiri nonse. Pa chikalata cha zotsatira alembapo kuti chotupacho n'chozama mamilimita 3, koma za mwanabele sanalembe chilichonse, ndiye ndikafunsa zimenezo Lolemba tikakaonana ndi adokotala a opaleshoni.