Gulu la Banja: Chithunzi cha Agogo ndi Kasungidwe ka Zithunzi Zathu

Bambo a Limbani (Turffontein), Lamulungu 19:04
Moni nonse a m'banja muno, a kuno ku Joni ndi a kumudzi komwe. Monga tinagwirizana, mu Disembala tikukavundukula chiliza cha mayi athu ku Chiradzulu, ndipo mmisiri akufuna chithunzi chooneka bwino choti achiike pamwala komanso papologalamu ya mwambowo. Ndakhala ndikukufunsani mmodzimmodzi sabata yonseyi, ndipo zandimvetsa chisoni kuti mbumba yonseyi, imene aliyense ali ndi foni yojambula, ilibe chithunzi cha mayi ngakhale chimodzi chimene chingakuzidwe nkhope n'kuoneka. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye akusunga. Ndikupempha kuti tikambirane zinthu ziwiri, kumene tingapeze chithunzicho, ndiponso mmene tingasungire zimene zatsala kuti zimenezi zisatichitikirenso.

Mayi a Tadala (Mayfair), 19:21
Zikomo achimwene. Mlandu waukulu uli pa ine, ndipo sindikana. Zithunzi zabwino za mayi zinali m'foni yanga ija anandilanda mu Epulo ndikudikira tekisi pa siteji ya ku Bree. Ndinawajambula ulendo wanga womaliza kumudzi atakhala pakhonde, atavala chitenje chawo cha Mvano, lichero la nandolo lili pamiyendo, ndipo chimodzi anali akuseka chifukwa nkhuku inawalumphira m'licheromo. Munalinso mawu awo amene ndinawajambula akutchula maina a makolo athu kuyambira kwa agogo awo. Foniyo sindiidandaula kwenikweni, popeza ndinagula ina, koma mawu aja amandipweteka mpaka lero.

Limbani (Rosettenville), 19:30
Azakhali, pepani kwambiri. Koma ine ndimaona ngati vutoli si lalikulu, chifukwa zithunzi zambiri munazitumiza pagulu lino nthawi yomweyo. Aliyense angobwerera m'mbuyo pa WhatsApp yake, tizipeza.

Chisomo (Braamfontein), 19:52
Moni malume, moni amayi aang'ono, ndi nonse akuluakulu. Ndiloleni ndiyankhe asuweni anga, chifukwa maganizo amenewa ndi amene atifikitsa pano. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse, pulogalamuyo imachichepetsa kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo chimene chimafika kwa wolandira chimaoneka bwino pafoni pokha. Mukachikuza kuti chikwane pamwala, nkhope imasanduka timabokosi. Dzulo ndinayesa ndi chithunzi cha nandolo chija, ndipo maso a agogo sakudziwika n'komwe. Chachiwiri, WhatsApp sisunga zithunzi zathu kwa iyo uthenga ukafika, zimakhala m'mafoni mwathu, moti amene anasintha foni osakopera zakale anazitaya. Kuyambira lero ndikupempha kuti chithunzi chofunika tizichitumiza ngati document (kusankha 'Document' potumiza pa WhatsApp, osati kutumiza ngati chithunzi wamba), pakuti mwa njira imeneyo chimafika chathunthu monga chinajambulidwira.

Amayi aang'ono, kwa inu ndili ndi chiyembekezo pang'ono. Ngati foni ija inali ndi akaunti ya Google ndipo Google Photos, pulogalamu yosunga zithunzi pa intaneti, inali yoyatsa kusunga, zithunzizo zikhoza kukhala zilipobe pa intaneti ngakhale foni inapita. Kodi imelo yake ndi pasiwedi mukuzikumbukira?

Mayi a Tadala (Mayfair), 20:05
Mwana wanga, akauntiyo ananditsegulira ndi mnyamata wa m'sitolo imene ndinagulamo foniyo, ndipo pasiwedi anailemba kuseri kwa lisiti limene sindikudziwa kumene lili. Imelo yokha ndiyo ndikuiona pa uthenga wakale umene ndinatumizira bambo a Tadala. Nambala ya foni sindinasinthe, ndinakapanga SIM ina ya nambala yomweyo.

Chisomo (Braamfontein), 20:14
Kusasintha nambala kumeneko kungatipulumutse, chifukwa ngati mnyamatayo anailembetsa pa akauntiyo, Google ikhoza kutumiza manambala otsegulira pa SIM yanuyo. Tisachedwe nazo. Kuyambira mu Disembala 2023, Google ili ndi lamulo loti akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Yanu sinafike pamenepo, koma ndikudziwa kuti m'banja muno muli ena amene ali ndi maakaunti awiri kapena atatu oiwalika, chifukwa foni iliyonse yatsopano amatsegulitsa ina.

Mayi a Chisomo (Chilobwe, Blantyre), 20:40
Moni ana anga ndi abale anga a ku Joni. Ndachedwa kuyankha chifukwa netiweki ikuvuta. Ine ndikufuna ndikukumbutseni kuti ngakhale zithunzi za papepala sizodalirika monga timaganizira. Alubamu yaikulu ya banja lathu, ija ya chikuto chofiira, inali m'kabati mwanga pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche mu Malichi 2023. Tinapulumutsa moyo, ndipo timathokoza Mulungu pa chimenecho, koma alubamuyo tinaipeza patapita masiku anayi masamba atamatirirana, ndipo titayesa kuwamatula nkhope zinkatsalira tsamba linalo. Zimene zinapulumuka ndi zithunzi 11 zokha zimene ndinaziika m'Baibulo la mayi, m'sutikesi imene inali pamwamba pa wadiropu. Pakati pake pali cha ukwati wa mayi ndi bambo, chakuda ndi choyera, ndipo kuseri kwake bambo analemba ndi dzanja lawo maina a ankhoswe onse awiri. Palinso china cha mayi ali okha, ataimirira pakhomo pa tchalitchi, chimene ndikuona kuti chingakhale bwino pachiliza.

Bambo a Limbani (Turffontein), 20:48
Achemwali, mwandikhazika mtima pansi. Sindinkadziwa kuti cha patchalitchi chija chilipo. Chonde musachipereke m'manja mwa wina aliyense, ngakhale mmisiri amene.

Chisomo (Braamfontein), 21:03
Amayi, mawa mutume Mphatso apite nazo zonse 11 kumalo osindikizira m'tauni, akapemphe kuti azijambule ndi sikana pa 600 dpi (muyeso woti chithunzi chituluke chooneka bwino ngakhale chitakuzidwa), osati kungozijambula ndi foni, ndipo adikire pomwepo mpaka amubwezere. Akajambulitse mbali zonse ziwiri, chifukwa zolemba za agogo aamuna kuseriko n'zofunika mofanana ndi nkhope zili kutsogolo. Akatero anditumizire ngati document. Ndalama ya sikana ndi bandulo ndimutumizira usiku uno.

Tsopano pa funso lachiwiri la malume. Anthu osunga zinthu pakompyuta ali ndi lamulo limene amalitcha 3-2-1, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi enawo. Kwa ife ndikuganiza motere. Tigule ma hard drive (zipangizo zosungiramo mafayilo zolumikiza kukompyuta) awiri a 1 TB, imodzi ikhale kuno ndipo inayo ipite kumudzi, kenaka kope lachitatu likhale pa intaneti. Za kutalikirana ndikuzinena ndi mtima wonse, popeza tonse tikukumbukira moto wa ku Marshalltown kuno ku Joni pa 31 Ogasiti 2023, umene unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo amene anapulumuka anatuluka opanda kanthu m'manja. Foni, laputopu ndi hard drive zikakhala m'chipinda chimodzi, moto kapena wakuba amazitenga usiku umodzi.

Bambo a Tadala (Mayfair), 21:19
Alamu, ndiloleni ndiikepo mawu ngakhale ndili mkamwini. Zimene akunena Chisomo n'zomveka, koma tikumbukire kuti tili kale ndi msonkhemsonkhe wa chiliza, wa simenti ndi wa chakudya, ndipo ena mwa ife ntchito ikuyenda mwa apo ndi apo. Mumsewu ku Small Street amagulitsa ma memory card ndi maflashi aakuluakulu pa mtengo wotsika kwambiri. Bwanji tigule amenewo atatu, nkhani ithe?

Chisomo (Braamfontein), 21:33
Bambo aang'ono, nkhawa yanu ya ndalama ndikuimva, koma pa chimenechi ndikukanitsitsa mwaulemu. Mwa makhadi otsika mtengo kwambiri muli achinyengo, amene amalembedwa kuti ndi aakulu ndipo kompyuta imaonetsanso choncho, pamene mkati mwake malo ndi ochepa. Mukamaikamo zinthu amalandira ngati zonse zili bwino, koma malo enieni akadzaza, zatsopano zimafufuta zakale mwakachetechete, ndipo mumadzazindikira tsiku limene mukufuna kutsegula. Ine zinandichitikira ndi zithunzi za tsiku limene ndinamaliza maphunziro, maina a mafayilo analipo onse koma palibe limene linatseguka. Ngakhale flashi yeniyeni ndi yonyamulira zinthu, si yosungiramo zaka zambiri m'dirowa. Hard drive nayo imafa, makamaka ikagwa pansi kapena magetsi akathima ikulemba, ndiye chifukwa chake ndikunena ziwiri, zogula m'sitolo yopereka lisiti.

Limbani (Rosettenville), 21:41
Ndavomera kuti ndinalakwitsa pa za WhatsApp. Nanga za pa intanetizo si zaulere? Ine zanga zonse zimapita zokha ku Google Photos ndipo sindinalipirepo.

Chisomo (Braamfontein), 21:58
Ndi zaulere mpaka 15 GB, asuweni, ndipo malo amenewo amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos, komanso masiku ano zosunga za WhatsApp pa mafoni a Android zimawerengedwa momwemo. Kale Google inkalola kusunga zithunzi zochepetsedwa pang'ono popanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 Juni 2021. A iPhone amapatsidwa 5 GB yokha pa iCloud. Mavidiyo a ukwati umodzi akhoza kumaliza malo onsewo, ndipo akadzaza, foni imasiya kutumiza zatsopano mwini wake akuganiza kuti zonse zikusungidwa. Tsegulani pulogalamuyo muone ngati yanu sinaime kale.

Pali msampha wina umene ndikufuna akuluakulu aumvetse. Mukafufuta chithunzi mkati mwa Google Photos pofuna kupeza malo m'foni, chimafufutikanso pa intaneti, ndipo chimangodikira masiku owerengeka m'bini chisanatheretu. Choncho intaneti payokha sikwanira, iyenera kuyendera limodzi ndi ma hard drive aja. Ndikuganiza kuti tilipire Google One, malo osungira olipira a Google, ya 100 GB pa akaunti yatsopano ya banja, ndipo zoyenera kuonedwa ndi onse tiziike mu alubamu yogawana, imene a kumudzi angaitsegule ndi linki.

Mayi a Tadala (Mayfair), 22:12
Ine ndili ndi funso limene si la makina. Kodi pasiwedi ya akaunti ya banjayo adzasunga ndani, ndipo ndi zithunzi ziti zimene zidzalowemo? M'mafoni mwathu muli zambiri zimene si za gulu. Muli zithunzi za m'chipatala pamene mayi ankadwala, zimene sindingakonde kuti adzukulu azizipatsirana. Mulinso za maukwati amene anatha, ndipo sindikufuna kutchula maina, koma tikudziwa kuti ena zingawapweteke kuziona pagulu.

Bambo a Limbani (Turffontein), 22:31
Mlongo wanga wafunsa bwino, ndipo pamenepa ndiyankhe monga mwini mbumba. Palibe amene adzakakamizidwe kupereka foni yake kuti ena aipenye, aliyense asankhe yekha zimene akupereka. Za m'chipatala ndi za maliro zisungidwe pa ma hard drive pokha, m'foda yakeyake, osaikidwa mu alubamu yogawana. Za maukwati amene anatha tisazifufute, chifukwa ana obadwa m'maukwati amenewo ndi athu ndipo tsiku lina adzafuna kuona makolo awo ali limodzi, koma nazonso zikhale pambali. Pasiwedi aidziwe anthu atatu, ine, achemwali ku Chilobwe ndi Chisomo, ndipo ilembedwe papepala losungidwa bwino, osati kutumizidwa pagulu lino. Pa ndalama, alamu anena zoona kuti tapanikizika, choncho ndikupempha R150 kwa aliyense wa kuno amene ali pantchito, ndipo yotsalayo ndidzaonjezera ine. A kumudzi musasonkhe.

Mayi a Chisomo (Chilobwe, Blantyre), 22:44
Ndagwirizana nazo, achimwene. Ndikupempha chinthu chimodzi. Pokonza mafodawo muzilemba chaka, malo ndi maina a anthu ali pachithunzi, chifukwa pa zithunzi 11 zija pali ziwiri zimene ngakhale ine sindikuwadziwa anthu ake, ndipo amene akanatiuza ndi amene tikukawamangira chilizawa. Azakhali athu a ku Namitambo adakali ndi nzeru zawo, choncho mu Disembala tidzapite nazo kwa iwo tikawafunse, wina akuwajambula mawu.

Chisomo (Braamfontein), 22:57
Zimenezo tidzachita, amayi, ndipo mawuwo adzasungidwa pamodzi ndi zithunzizo. Hard drive yopita kumudzi isadzaikidwe m'katundu wa pansi pa basi kapena m'ngolo, popeza ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza ndi wautali ndipo katundu amaponderezana komanso kutsitsidwa pa zipata. Amene adzaitenge aikulunge m'chovala n'kuisunga m'chikwama cha m'manja. Ikakafika isakakhale pansi kapena pafupi ndi khoma lachinyontho. Chaka chilichonse amene akupita kumudzi azitenga ya kuno itaonjezeredwa zatsopano, n'kubwera ndi ya kumudziyo kuti tiione ngati ikutsegukabe.

Bambo a Limbani (Turffontein), 23:06
Tamvana. Tikumane kwathu ku Turffontein Loweruka likubwerali nthawi ya 2 koloko masana, popeza kuno kuli Wi-Fi ndipo palibe amene adzawononge bandulo yake. Bwerani ndi mafoni, matchaja, ma memory card akale ndiponso mafoni amene munawasiya m'madirowa, ngakhale osweka galasi. Limbani, iwe ukagule ma hard drive Lachisanu ndi Chisomo, ndipo lisiti ubwere nalo.

Mayi a Tadala (Mayfair), 23:15
Chisomo mwana wanga, ine sindidikira Loweruka. Mawa ndikaweruka ndidzera ku Braamfontein cha m'ma 5 koloko ndi foni ndi imelo ija, tikayese kutsegula akauntiyo. Usiku uno ndikhuthula chikwama cha mapepala, mwina lisiti lija lili m'menemo.