Kutsuka filimu ya black and white pakhomo kuno ku Lilongwe, zitheka?

A gulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Pentax K1000 imene anandisiyira malume, ikugwirabe bwinobwino, batire ya LR44 ndagula koma ija imangoyendetsa mita yoyezera kuwala basi zina zonse ndi zamanja. Msuweni wanga anandibweretsera filimu ya Ilford HP5 Plus, ISO 400, ya zithunzi 36, kuchokera ku Johannesburg. Ndiye ma studio amene ndafunsa ku Old Town ndi ku Area 25 onse akuti amangotsuka za mu foni ndi memory card, wina mpaka kundiseka ati achimwene filimu inapita ndi nthawi ya a Kamuzu. Ndikufuna ndizitsuka ndekha. Thanki ya Paterson yotsukiramo filimu ndi ma reel ake okulungapo filimuyo ndinapeza koma mankhwala ndilibe, komanso Okutobala uno madzi a pa mpopi akumatuluka ofunda ngati osamba pomwe a Ilford analemba madigiri 20. Alipo anapangapo zimenezi kuno? Nanga zoti khofi amatsuka filimu ndi zoona kapena ndi bodza la pa intaneti?

Mnyamata wa ku Kawale:
Amwene osangojambula pa foni nkuika filter ya black and white bwanji kkkk mavuto ena ndi ochita kuwaputa dala

Wofunsa:
Kkk foni ndili nayo aise, koma ndikufuna negativi yogwirika m'manja

Bambo a ku Biwi, wojambula wakale:
Mwana wanga zimatheka, ife tadyera ntchito imeneyi. Mankhwala ofunika ndi awiri, divelopa yotulutsa chithunzi pa filimu ndi fikisa yochikhazikitsa kuti chisaonongeke ndi kuwala. Uwuze msuweni wakoyo agule divelopa ya ID-11 ya Ilford kapena D-76 ya Kodak, ziwirizi ndi pachibale, ndipo ndi za ufa ndiye sizitayikira m'chikwama pa basi. HP5 mu ID-11 yosakaniza monga analembera pa paketi, osawonjezera madzi ena, ndi mphindi 7 ndi theka pa madigiri 20, ukathira madzi theka ndi theka ndi mphindi 13. Za kutenthazo usaderere, divelopa ikafunda imathamanga, negativi imatuluka yothithikana bii, mitambo ndi malaya oyera zonse zimangosanduka chinthu chimodzi. Gula thermometer, mabotolo onse uwaimike m'beseni la madzi, uponyemo ayezi mpaka afike 20, ndipo ntchitoyi uziyamba mbandakucha dzuwa lisanawotche mapaipi. Ndati mabotolo ONSE, ndi madzi otsukuluzira omwe. Filimu ikachoka m'mankhwala ozizira nkugwera m'madzi otentha khungu lake limachita makwinya ndipo sizikonzeka.
Polowetsa filimu mu reel pakhale mdima weniweni, babu lofiira mumaliona m'mafilimu lija ndi la pepala osati la filimu. Tseka zenera ndi bulangeti usiku, ukhale kaye m'menemo mphindi zingapo, ukayamba kuona dzanja lako ndiye kuti kuwala kukulowa penapake. Reel ya pulasitiki ikhale youma gwaa, thukuta la m'manja lokha limakwana kuti filimu ikakamire pakati.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga fikisa ikavuta kupeza palibe china? Ena akuti mchere

Bambo a ku Biwi, wojambula wakale:
Za mcherezo zisiye, ungolira nazo. Stop bath, mankhwala oimitsa divelopa usanathire fikisa, ukhoza kuzemba, madzi chabe kapena viniga woyera wosungunula kwambiri amakwana, koma fikisa ilibe mlowam'malo. Ndi imene imachotsa siliva amene sanapse ndi kuwala, popanda iyo filimu ukangoitulutsa pa dzuwa iyamba kuda. Ilford Rapid Fixer gawo limodzi ku magawo 4 a madzi, mphindi 5 zakwana. Pofuna kudziwa ngati idakali ndi mphamvu, dula kansonga ka filimu uviike, uwerenge nthawi imene kayere mbee, ndiye filimu yonse uipatse nthawi imeneyo kawiri. Yotha ntchito usathire ku dimba kapena pafupi ndi chitsime, muli siliva m'menemo.

Mlongo wa ku Area 47:
Za khofi ndi zoona ndithu amati caffenol. Pa lita imodzi ya madzi, washing soda 54g, vitamin C wa ufa 16g, khofi wa instant 40g, mphindi 15 pa madigiri 20. Koma achimwene khofi wake akhale weniweni osati Ricoffy, uja ndi wosakaniza ndi chicory. Washing soda akasowa tengani soda wophikira yemweyu mumuwotche mu uvuni pa madigiri 200 kwa ola limodzi amasanduka. Mufunikanso kasikelo ka magalamu, za supunizi zimanamiza. Chenjezo langa ndi lakuti muyezo umenewu umakoma ndi filimu ya ISO 100, ya 400 imachita kachifunga, komanso fungo lake eeh a m'nyumba akuthamangitsani. Ndipo khofi akungolowa m'malo mwa divelopa, fikisa mugulabe.

Akulu ena a ku Chinsapo:
Palibe watchula fumbi. Nyengo ino ukayanika filimu pakhonde yatha basi. Yanikani m'bafa mutathira madzi pansi, chitseko chotseka, ndipo madzi omaliza akhale a distilled aja timathira mu batire ya galimoto, a pa mpopi amasiya madontho. Kutsukuluza sikufuna madzi ambiri, dzadzani thanki mutembenuze ka 5 nkutaya, kenako ka 10, kenako ka 20.

Wofunsa:
Ndamva akuluakulu, ndidikira ID-11, khofi ndidzayesa ndikapeza filimu ya 100. Komano ikauma zithunzizo ndiziona bwanji poti enlarger, makina okulitsira negativi pa pepala, ndilibe?

Mlongo wa ku Area 47:
Ikani tsamba loyera pa skirini ya laputopu, negativi muigwire motalikirako pang'ono kuti timadontho ta skirini tisaoneke, jambulani ndi foni nkutembenuza mitundu ndi invert. Zikatero mukhoza kupita nazo ku ma studio omwewo akakutsukireni pa pepala.

Mnyamata wa ku Kawale:
Ndiye mwazungulira njira yonseyi kudzathera pa foni yomweyo kkkkk