Thandizeni: kanyali ka batani lotsekera maiki kakumandinamiza

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munagwirako Arduino (ka board ka zamagetsi komwe umakalembera code wekha) kapena tizipangizo tofanana nayo.

Ntchito yanga ndi ya misonkhano ya pa intaneti, makamaka Zoom, nthawi zina Teams ndi Google Meet. Zosakasaka kabatani ka maiki ndi mausi munthu akudikira yankho zinanditopetsa, ndiye ndinapanga batani loti ndizingolimenya ndi dzanja. Ndinagwiritsa ntchito board yotchedwa Pro Micro, ija ya chip ya ATmega32U4, poti ukailumikiza pa USB kompyuta imaiona ngati kiyibodi. Batanilo ndi lalikulu ngati la makina a magemu, mwendo wina uli pa pin 2, wina ku GND (ground), mu code ndaika INPUT_PULLUP kuti board izizindikira batani likadinidwa. Palinso kanyali kofiira ka LED, kosonyeza kuti maiki ndi otseka, ndi resistor ya 220 ohm. Ndikadina imatumiza Alt+A, Zoom n'kutseka maiki, kanyali n'kuyaka.

Chikundisowetsa mtendere ndi kanyaliko. Wotsogolera msonkhano akanditsekera maiki, kapena ndikalowa maiki ali otseka kale, iko sikadziwa. Kuyambira pamenepo zonse zimatembenuka: kamayaka maiki ali otsegula. Ine ndimagwira ntchito kunyumba, ana ali pomwepo, ndipo nkhani za m'banja sindifuna zizimveka kwa anthu a kuntchito. Ndingatani kuti kanyali kazinena zoona?

Pali zinanso zing'onozing'ono. Nthawi zina ndikadina kamodzi zimakhala ngati ndadina kawiri. Komanso ndikakhala ndikulemba mu pulogalamu ina, batani siligwira.

Woyankha woyamba:
Achimwene, zodina kawirizo ndi tizitsulo ta m'kati mwa batani, timanjenjemera tisanagundane bwinobwino. Muiuze board kuti ikamva kudina, isamverenso china mpaka patadutsa ma millisecond 50. Za Zoom, pitani ku Settings, Keyboard Shortcuts, muchonge Enable Global Shortcut pa mzere wa maiki. Lizigwira ngakhale muli pa windo ina.

Woyankha wachiwiri:
Za Zoom anena zoona, koma pa Meet samalani. Kumeneko ndi Ctrl+D, ndipo mukakhala pa tab ina, Chrome imangokusungirani tsambalo ngati bookmark, maiki ali chitsegukire. Teams ndi Ctrl+Shift+M. Ine ndinaika ka switch kosankhira pulogalamu m'mbali mwa kabokosi.

Woyankha wachitatu:
Bambo, vuto la kanyali silingathe ndi njira mwatengayi. Board yanu imangolankhula, siimva. Imatumiza makiyi, koma palibe amene amaiuza zomwe zachitika ku Zoom. Ndiye kanyali kamangowerenga kuti mwadina kangati, basi.

Njira zilipo. Ina ndi kulemba kapulogalamu kakang'ono pa kompyuta, mwachitsanzo mu Python, koti kazitseka maiki a kompyuta yonse m'malo mwa a Zoom, kenako n'kumauza board kudzera pa serial (njira yotumizirana mauthenga pa waya wa USB womwewo) kuti panopa ndi otseka kapena otsegula. Batani lizingopempha, kanyali kaziyaka pokhapokha yankho likabwera. Ubwino wake, zimagwira pa pulogalamu iliyonse, simuvutikanso ndi makiyi osiyanasiyana. Ina ndi yomwe ma headset ena amagwiritsa ntchito: mu USB HID, ndondomeko yomwe makiyibodi ndi mausi amalankhulira ndi kompyuta, muli gawo la Telephony, lomwe limalola pulogalamu kubweza uthenga wa maiki ku chipangizo. Ndi yabwino, koma mufunika kulemba nokha descriptor, yomwe imauza kompyuta kuti chipangizocho n'chamtundu wanji, ndipo si pulogalamu iliyonse yomwe ingachilandire chipangizo chopanga nokha. Ndikadakhala inu ndikanayamba ndi ya serial.

Woyankha wachinayi:
Ine sindikhulupirira software pa nkhani ya ana ndi banja. Ngati maiki anu ndi a waya wa jack, ikani switch pa waya weniweniwo, yolumikiza mzere wa maiki ku ground. Pamenepo palibe mawu angadutse, kaya kompyuta ikuganiza zotani. Kungoti anzanu azimva ka "thu" mukamadina, ndipo pa sikirini muzioneka ngati maiki ndi otsegula.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Zodina kawiri zatha, Zoom nayonso ikumvera ndili pa windo ina. Ndatsata ya serial ija, chifukwa maiki anga ndi a USB, waya wake sindingaudule. Koma achimwene mwatchula Python, kapulogalamuko kakafa mwadzidzidzi, si ndiye kuti kanyali katsala koyaka n'kumandinamizanso?

Woyankha wachitatu:
Funso labwino. Kapulogalamuko kazitumiza uthenga sekondi iliyonse, ngakhale pasanasinthe kanthu. Board ikakhala masekondi atatu osamva kalikonse, kanyali kayambe kuphethira, mudziwe kuti musakadalire. Ndipo mu code ya board muike delay ya masekondi angapo mu setup, gawo lomwe limayamba kugwira ikangoyaka, kuti code ikalakwika n'kuyamba kutumiza makiyi mosalekeza, mupeze mpata woikamo ina.