Mng'ono wanga wandifunsa funso ndasowa choyankha, thandizeni

Admin ndibiseni dzina chonde. Ndili ndi mng'ono wanga wazaka 19, chaka chatha adokotala anamupeza ndi anorexia, matenda aja oti munthu amadzimana chakudya poopa kunenepa olo atatsala mafupa okhaokha. Kumwezi anasiya kupita, tsitsi likuthothoka, amangomva kuzizira, ndipo adokotala anati choopsa kwambiri ndi mtima, umayamba kugunda mofooka mpaka ukhoza kungoima.

Ndiye tilinso ndi achimwene athu okonda zokwera mapiri, maloto awo ndi Everest basi. Akayamba kufotokoza tonse kukamwa yasa, eti phiri la mamita 8,849, ukadutsa mamita 8,000 mpweya umachepa moti thupi limayamba kufa pang'onopang'ono, anthu oposa 300 anaferako ena mitembo yawo ikadali komweko. Amayi amvekere mwana wanga ndi wolimba mtima.

Dzana tikumunyengerera kuti adye mwanayu anangoti "achimwene akufuna kukafera kuphiri mukuwaombera m'manja, ine mukundilondera ngati wakuba, thupili si langa?" Abale ndinangoti kakasi. Mumtima ndikudziwa kuti sizofanana koma pakamwa mawu osatuluka, ndipo penapake ndikuona ngati wanena zoona. Ndimuyankhe bwanji osamukhumudwitsa?

Ndemanga:

Sis kusiyana kulipo. Wokwera phiri amadya kuti apeze mphamvu, nyengo ikaipa amabwerera, akafika pansonga amatsika kubwera kunyumba. Anorexia ilibe nsonga, sikelo ikatsika lero mawa amafuna itsikenso, ndiye njalayo imasokoneza bongo womwewo umene ukanamuuza kuti basi zakwana. Ine ndinadwalapo, ndinkaona ngati ndikusankha ndekha koma ayi ndithu.

Koma mwanayo sakunamatu, anthufe timatama ngozi ikakhala yooneka bwino pa kamera. Alex Honnold anakwera chithanthwe chachitali cha El Capitan ku America mu 2017 opanda chingwe dziko lonse linamuchemerera, akanaterereka tikanati misala. Achimwene anuwo asiye kaye nkhani za mitembo pagome, wodwala akumva.

Musalimbane naye pa mtsutso simungapambane, matendawa ndi ochenjera polankhula. Funso lakelo mukalinene kwa amene akumupatsa uphungu.

Wofunsa: zikomo nonse. Uphungu anapitako kawiri kenako anakana, akuti iye sakudwala. Inu munadwalapo inu, chinakubwezani ndi chani, munavomera nokha kapena anachita kukukokani?