Mutu wa khanda ukukula msanga: ndichite LP (kutenga madzi a pamsana ndi singano) kapena nditumize?

CO (Clinical Officer) wa kumudzi, Kasungu:
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndigawireniko nzeru. Ndili ndi khanda la masabata 9, linabadwa pa masabata 31 ndipo linakhalako pa kangaru. Masabata atatu apitawo linatentha thupi n'kukomoka kawiri. Malungo sanapezeke, linagonekedwa, linalandira maantibayotiki mpaka kupeza bwino. Lero mayi ake abwera akuti likusanza, bere likungonyambita. Liwombo latukuka, lili gwa ngakhale mwana asakulira. Mitsempha ya pamutu yachita kuonekera. Mutu ndayeza 38 cm, pomwe m'buku lake analemba 33 potuluka m'wodi. Thupi silikutentha. Ndiye kodi ndi meningitis (matenda oumitsa khosi) yomwe ija sinathe, kapena ndi magazi aja amatuluka mu ubongo wa ana obadwa masiku osakwana? Ndimafuna ndichite LP kaye.

Mzamba, Kasungu:
Achimwene, maso mwawaona? Ngati akuyang'ana pansi, choyera n'kumaonekera pamwamba, musachedwe naye. Mufunsenso ngati apaka mankhwala paliwombo. Agogo ambiri akaona liwombo lasintha amayamba okha kuchiza, ndipo safulumira kuulula.

CO wa kumudzi, Kasungu:
Maso ali momwemo, a Sister. Paliwombo pali zakuda zouma, agogo ake avomera kuti anapaka.

CO wa wodi ya ana:
LP ayi, achimwene, siyani kaye. Masentimita 5 m'masabata osapitirira atatu ndi ambiri zedi. Khanda lobadwa masiku osakwana mutu wake umakula ngati sentimita imodzi pa sabata. Apa madzi adzadza mu ubongo, hydrocephalus.

Funso lanu loti ndi magazi kapena matenda, yankho likhoza kukhala zonse ziwiri. Ubongo umapanga madzi nthawi zonse, munthu wamkulu pafupifupi 500 ml pa tsiku, pomwe okhalamo nthawi imodzi ndi ngati 150 ml basi. Ndiye kuti amayenera kuyenda ndi kuyamwidwa kosalekeza. Mwa ana obadwa asanafike masabata 32, timitsempha ta pafupi ndi maventriko (timapanga ta madzi m'kati mwa ubongo) timakhala tosakhwima, timaphulika m'masiku oyamba. Magaziwo amatseka tinjira ta madzi, n'kusiya zipsera pomwe madzi amayamwidwira. Matenda akabwera pambuyo pake, kaya a bakiteriya kaya a vairasi, kutupa kumadzamalizitsa njira yomwe inali kale yothina. Musanyoze mavairasi: CMV imene mwana amatengera m'mimba imachita izi, ngakhale matsagwidi amatha kutseka kanjira kakang'ono ka madzi mu ubongo kotchedwa aqueduct mwa ana okulirapo.

Koma panopa kudziwa chimene chinayambitsa sikusintha chochita chanu. Ngati kutsekako kuli m'kati, inu n'kuchotsa madzi pamsana, ubongo ukhoza kukankhidwira pansi mwana n'kusiya kupuma muli naye m'manja. Poyamba aunikidwe. Mwayi wake liwombo likadali lotsegula, ultrasound ya pamutu imaonetsa bwinobwino maventriko akakula.

Namwino, Mchinji:
Nanga mankhwala ochepetsa madzi aja, acetazolamide ndi Lasix? Ndinaonapo ena akupereka podikira.

CO wa wodi ya ana:
Ayi, a Sister. Kwa makanda amene madzi adzadza chifukwa cha magazi, mankhwala amenewo anayesedwa ndipo sanachepetse ofunika shunt (kapaipi kochotsa madzi m'mutu), anangowonjezera mavuto. Chothandiza ndi opaleshoni: kapaipi kochotsa madzi kuchoka m'mutu kupita m'mimba, kapena ETV, pomwe amalowetsa kamera kakang'ono n'kuboola njira yatsopano. Dr Benjamin Warf, pomwe ankagwira ntchito ku chipatala cha CURE ku Mbale, Uganda, anapeza kuti ana ambiri a hydrocephalus kumeneko anali oti anadwalapo matenda a mu ubongo ali makanda. Mbiri ya mwana wanuyu si yachilendo konse.

Aitaneni ambulansi apite kuchipatala cha boma, iwo alumikizane ndi Kamuzu Central. M'kalata mulembe miyeso yonse iwiri ndi masiku ake, masabata amene anabadwira, ndi mankhwala amene analandira. Yezani shuga, ikani kanyula, mutu ukhale wokwezeka pang'ono. Namwino womuperekeza aziwerenga kugunda kwa mtima. Kukayamba kutsika, kapena mwana akamadukiza kupuma, zinthu zafika poipa.

Mzamba, Kasungu:
Chimene chikundiwawa ine n'chakuti mwanayu ayenera kuti anabwerako kusikelo pakatipa. Timayeza kulemera, tepi ya pamutu ili m'dirowa. Kwathu kuno ndinauza ma HSA kuti aliyense wochokera ku kangaru kapena amene anakomokapo aziyezedwa mutu ulendo uliwonse. Ndipo agogowo musawakalipire, achimwene. Aonetseni tepiyo, 33 ndi 38, aone okha. Mukawachititsa manyazi, pofika usiku mupeza bedi lili mbee.

CO wa kumudzi, Kasungu:
Zoona, a Sister, anabwera sabata yatha, m'buku muli kulemera kokha. Singano ya LP ndabweza. Ndakhala pansi ndi mayi ndi agogo, ndawajambulira papepala mmene madzi amayendera. Mayi anafunsa ngati mutu udzabwerere mwakale. Ndawauza zoona, kuti cholinga n'chakuti usapitirire kukula ndi kupanikiza ubongo, ndiponso kuti adzafunika kumabwera naye kawirikawiri. Shuga ali bwino, mtima ukugunda 138. Ambulansi yanyamuka kuboma, bambo ake athamangira kunyumba panjinga kukatenga zofunda ndi ufa. Ndikudziwitsani zikatuluka za ultrasound.